Sikelo ya Mai Dailesi ndi Zala za Nduna

Dziko la Kwathuzikuyenda simungalipeze pa mapu, ndipo musadzivute kufunsa njira, chifukwa eni ake akamakulozerani amayambira pakati. Amati, "Mukafika paja, mukhote monga mwa masiku onse." Mukafunsa kuti paja ndi pati, amakuyang'anani ngati mwatukwana apongozi awo.

M'dzikomo munkalamula Mfumu Yaikulu Tatsegula Wachiwiri, munthu wokonda kupatsa kwabasi, makamaka zinthu zoti wolandirayo sangathe kuzigwiritsa ntchito. Mphatso yake yotchuka inali pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Muyeso. Tisaname, Muyeso unali chinthu chabwino. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti masikelo a m'misika akuyeza zoona, kuti kilo ya nyemba kumtunda ikhale kilo yomweyo kumunsi. Unali waulere, ndipo zolemba zake zonse zam'kati, zimene amisiri a maiko ena amabisa, mfumu inalamula kuti zikhale poyera. Aliyense anali ndi ufulu woziwerenga, kuzikopera ngakhale kuzisintha. Chifukwa cha zimenezi mfumu inkawomberedwa m'manja mpaka anthu kutuluka matuza.

Kavuto kanali kamodzi. Makompyuta nawo ali ndi zinenero zawo. Muyeso unalembedwa m'chinenero chakale cha kunyumba yachifumu chotchedwa Chibwalo, pomwe timakompyuta ta pa masikelo a amalonda tinkamva chinenero china chopepuka chotchedwa Chimsika. Kuti ziwirizi zimvane pankafunika kapulogalamu kotanthauzira pakati, kamene anthu a kumeneko ankakatchula kuti mlatho. Mlathowo sunkabwera womangamanga. Unkabwera zidutswazidutswa, ndipo mwini sikelo aliyense ankayenera kuumanga yekha pa kompyuta yake potsatira malangizo a Nduna ya Milatho, Olemekezeka a Zosavuta.

Malangizowo ndikulemberani onse, sindisiyako kanthu: "Tengani zidutswa. Mangani monga mwa masiku onse. Zikavuta, onani malangizo."

Chaka chimene ndikunenachi mfumu inadzuka itakwiya kuti mphatso yake ikungokhala. Inalamula kuti pofika tsiku lotsegulira msika wa zokolola, sikelo iliyonse ikhale ikulankhulana ndi Muyeso. Sikelo yosalankhula idzatengedwa kuti ndi yakuba, ndipo mwini wake adzalandidwa benchi. Olengeza anazungulira ndi zimkuzamawu, anthu n'kuwomba m'manja, poti ku Kwathuzikuyenda lamulo amayamba aliwombera m'manja, kulira amakalirira kunyumba.

Pa msika wa Tayesaninso panali mayi wina dzina lake Dailesi Chipwaila, wogulitsa nyemba, nandolo ndi mtedza. Benchi yake inali pafupi ndi geti, pamene wogula aliyense amayambira asanathe ndalama. Benchi imeneyo sanaitole. Anagulitsira pansi zaka zambiri, padzuwa ndi pafumbi, asanaipeze, ndipo ndi yomwe inkadyetsa ana ake ndi mai ake odwala miyendo. Sanali mbuli pa za makompyuta. Kakompyuta ka pa sikelo yake anakalumikiza yekha, Chimsika ankachidziwa mokwanira ntchito yake. Anatenga zidutswa monga anauzidwira, nayesa kumanga m'njira zonse zimene ankaganiza kuti ndiye "masiku onse" a nduna. Ulendo uliwonse pagalasi pankangotuluka zilembo zofiira: "Chinachake chikusowa."

Benchi yoyandikana nayo inali ya a Binwelo, mkulu wogulitsa usipa ndi matemba. Iwo ankagulitsa pa milu, sikelo analibe, choncho lamulo silinkawakhudza ndipo anali ndi nthawi yambiri yoyankhulapo pa mavuto a anzawo.

"Aneba, mwafika pati ndi mlatho wanu uja?" anafunsa a Binwelo.

"Ndikadali tsidya lino, a Binwelo. Ikungoti chinachake chikusowa."

"Chinachakecho n'chiyani?"

"Ikananena si bwenzi nditakachifuna?"

"Ndiye ili ngati mkazi wanga woyamba uja," anatero a Binwelo akuingitsa ntchentche. "Ankangoti, 'Mukudziwa chimene mwalakwa.' Anapita kwawo, mpaka lero sindinadziwe."

Dailesi sanaseke. Anakumbukira kuti safunsa anadya phula, ndiye anasiyira a Binwelo matumba ake, nanyamuka ulendo wa ku likulu la dzikolo, mzinda wa Bweranimawa.

Pamwamba pa chitseko cha Unduna wa Milatho panali chikwangwani cholembedwa kuti: WAMVA M'MIMBA NDIYE ATSEGULA CHITSEKO. Mwambi wa makolo ndithu, koma undunawo unaupachika pamenepo kuti ukhale yankho la dandaulo lililonse. Ukanena kuti chakuti n'choonongeka, iwo amati wadzipereka kuchikonza, mwaulere, ndipo amakuthokozeratu. N'chifukwa chake anthu ochenjera a m'dzikomo akaona denga likudontha amangosuntha mkeka.

A Zosavuta anamulandira ali kutakasa tiyi. Anali bambo wa mimba yaulemu ndi mawu ofewa, wophunzira kwambiri, ndipo sitingawanamizire kuti ntchito sankaidziwa. Ankaidziwa mopitirira, mpaka anaiwala kuti anthu ena amabadwa osaidziwa.

"Zikomo bwana," anatero Dailesi atanyonyomala. "Mlatho ukundikanika. Ndabwera kuti mundiuze chimene chikusowa."

"Mayi, n'zosavuta," inatero nduna. Inatembenukira ku kompyuta yake yaikulu, n'kugogoda mabatani ndi dzanja limodzi, linalo likutakasabe tiyi. Shuga asanasungunuke mlatho unali utaima. "Mwaona? Kwathu zikuyenda."

"Ndaona bwana. Koma nyemba sindigulitsira muofesi mwanu muno."

Apa ndikuuzeni chimene nduna sinanene. Mlatho uja umaima pa timapulogalamu tina ting'onoting'ono tofunika kuikidwa poyamba, timene amisiri amatitchula kuti nsanamira. Kompyuta ya a Zosavuta inali isanazimitsidwepo chiyambire ulamuliro wa Tatsegula Woyamba, ndipo m'zaka zonsezo inameza nsanamira za mtundu uliwonse, zina zoikidwa ndi anthu amene anamwalira kalekale. Panalibe munthu wodziwa kuti ndi ziti zimene zikunyamula mlatho. Malangizo onse a m'dzikomo ankayesedwa pa kompyuta imeneyi, ndipo sanalepherepo ngakhale kamodzi.

"Ngati malangizo akuperewera," inapitiriza nduna mokoma mtima, "lembani abwinowo mutitumizire. Zonse zili poyera, mayi. Simunawerenge pakhomopo?"

"Ndawerenga. Koma ndingalembe bwanji njira ya kumene sindinafikeko?"

"Funso labwino kwambiri. Mukapeza yankho lake, nalonso mutitumizire."

Dailesi anabwerera kumsika mtima uli kuwawa, ataononga tsiku la malonda ndi ndalama ya basi.

Koma sanali yekha. Kulira kwa eni masikelo kunakula mpaka kunadutsa mpanda wa kunyumba yachifumu, chinthu chosachitikachitika. Mfumu inaitanitsa Msonkhano Waukulu Wokonza Malangizo. Unachitikira ku nyumba ya alendo ya pamwamba pa phiri, kumene netiweki sifika, kuti anthu odandaula asasokoneze akuluakulu pokambirana madandaulo awo. Palibe anabwera ndi kompyuta. Palibenso mwini sikelo amene anaitanidwa, chifukwa anati munthu wolephera angaphunzitse anzake chiyani.

"Anthu anga akulira," inatero mfumu potsegulira. "Akuti malangizo ndi ochepa. Ine Tatsegula, mwana wa Tatsegula, ndipatse anthu anga zochepa? Achulukitseni!"

"Wawa! Achuluke!" anayankha onse, nayamba ntchito ndi mphamvu. Nduna ina inati buku lopanda mbiri ndi mwana wamasiye, choncho liyambe ndi mbiri ya milatho kuchokera pa chipika choyamba chimene chinagwera pamtsinje. Ina inati paikidwe mayina a makolo a mfumu ndi a akazi awo. Anakangana mpaka nthawi ya nkhomaliro pa za mtundu wa chikuto, ena akuti chobiriwira chikuimira chitukuko, ena akuti chobiriwira ndi cha anthu a kumunsi. A Zosavuta anapempha kuti pansi pa tsamba lililonse palembedwe kuti "N'zosavuta," pofuna kulimbikitsa anthu, komanso kuti wolephera azidziwa kuti vuto ndi iyeyo.

Mlembi wina wachikulire, amene mwina anali atatopa ndi ntchito, anadzutsa dzanja. "Pepani akuluakulu. Bwanji tikamaliza tiwayese pa kompyuta yatsopano, yopanda kanthu m'kati?"

Nduna ina mwa zofuna chikuto chobiriwira inamufunsa ngati akudziwa kuti kuyesa mawu amene mfumu yasainira n'kukayikira mfumuyo. Mlembi anati dzanja lija ankangodziwongola.

Buku linatuluka lonenepa ngati mtsamiro. Munali mbiri, munali makolo, munali zithunzi za a Zosavuta akuloza kompyuta, akuganiza, akumwetulira. Munali mutu wonse wophunzitsa mmene munthu angathokozere boma mlatho ukaima. Kumapeto kwenikweni, m'zilembo zikuluzikulu zozunguliridwa ndi maluwa, munali mawu aja: "Tengani zidutswa. Mangani monga mwa masiku onse. Zikavuta, onani malangizo."

Ku Tayesaninso bukuli linagawidwa ulere kwa aliyense, ngakhale opanda sikelo. A Binwelo anatenga awiri. "Aka n'koyamba boma kundithandiza pa ntchito," anatero akung'amba tsamba la makolo a mfumu kuti akulungire usipa. Dailesi anawerenga lake lonse, tsamba ndi tsamba, poganiza kuti mwina dzina la chosowacho analibisa m'kati mwa mbiri. Tsiku lotsegulira msika linali litayandikira, ndipo kapitawo wa msika anali atayamba kale kudutsa pa benchi yake akuiyeza ndi maso.

Mfumu inaganiza zodzaona yokha chisangalalo cha anthu ake. Inafika ku Tayesaninso ndi ng'oma, apolisi ndi nduna zonse. Msika unasesedwa, opempha anabisidwa kuseri kwa zimbudzi. Mfumu itangolowa pageti, Dailesi anagwada patsogolo pake. Mantha anali nawo, koma mantha otaya benchi anali aakulu kuposa oopa apolisi.

"Zikomo Mfumu yanga. Ndine mbuli, buku lanu landikulira. Ndikupempha chimodzi: bwana Nduna amange mlathowu pa kakompyuta kanga aka, ife tione, tiphunzire."

Mfumu inkakonda zionetsero kuposa china chilichonse. "Zosavuta, aonetse anthu anga!"

Anawaikira nduna thumba la nandolo kuti akhalepo. A Zosavuta anatsegula buku, n'kuwerenga mokweza ngati m'busa: "Tengani zidutswa." Anatenga. "Mangani monga mwa masiku onse." Zilembo zofiira zinatuluka. Nduna sinadzidzimuke n'komwe. Ikumwetulira anthu, zala zake zinayamba kuthamanga zokha pa mabatani, kuitana kanthu aka, kusintha kanthu ako, ngati zala za mayi wosenda mtedza akucheza. Zilembo zofiira zinayamba kuchepa. Dailesi anaona kuti zala zija zikudziwa chimene chikusowa.

"Pepani bwana," anatero a Binwelo mokweza, atatsegula zotsala za buku lawo. "Zimene mukugogodazo zili pa tsamba liti? Mwina ndi limene ndakulungira matemba."

Anthu anaseka. Mayi wina wa tomato anakuwa, "Sizinalembedwe!" Msika wonse unalandira ngati nyimbo: "Sizinalembedwe! Sizinalembedwe!" Anali anthu amene anasowa tulo chifukwa cha mlatho umenewu, ndiye musawadzudzule kwambiri.

Mfumu inaseka mpaka kugwira pamimba. "Akunena zoona! Zosavuta, manja kumbuyo. Yambiranso, uchite zokhazo zili m'buku langa."

Wapolisi anafufuta zonse zimene zala zinachita. Nduna inayambiranso. Inatenga zidutswa, inamanga, zilembo zofiira zinabwera. Inaona malangizo, malangizo anaiuza kuti ione malangizo. Inabwereza, thukuta likutsika m'khosi mpaka kunyowetsa tayi. Chala chimodzi chikati chisunthe chokha, msika unkakuwa, chala n'kubwerera.

"Chalaka bakha nkhuku singatole," anatero a Binwelo. "Aneba, ife nkhuku tizipita."

Koma Dailesi sankasangalala nawo. Yekhayo pa gulu lonselo anaona chimene chatayika. Zala zija zikanasiyidwa pang'ono pokha, sikelo yake ikanalankhula, benchi ikanakhala yake. Anaimirira n'kutambasula manja kwa anzake. "Abale, taleka'ni! Asiyeni amalize! Bwana, chonde, chitani zimene munkachita zija. Kapena tangozitchulani pakamwa, ine ndizilemba ndekha, ndikutumizirani monga munanenera."

A Zosavuta anadzuka pa thumba la nandolo, nadzisasa fumbi. Anayang'ana anthu amene amawaseka, kenaka anayang'ana Dailesi. Nkhope yomwetulira ija inali itauma.

"Zimene ndinkachita ziti, mayi? Ine ndimangopukuta fumbi pa mabatani anu. Ine ndimatsata malangizo a mfumu basi."

Kaya anakana chifukwa cha manyazi, kaya iwonso sankadziwa chimene zala zawo zimachita, zimenezo akudziwa ndi iwo. Mfumu nayo inali itasiya kuseka, itazindikira mochedwa kuti buku limene anthu akuliseka lili ndi siginecha yake. Ng'oma zinalira, ulendo unathera pomwepo.

Bwalo la nduna linakumana mwamsanga kuti lipeze wolakwa. Linaweruza mwanzeru zedi. Buku silingalakwe, chifukwa mfumu inasainira. Nduna singalakwe, chifukwa ku ofesi kwake zikuyenda, ndipo onse anapita kukaona, zinayendadi. Chotsala chinali chimodzi. Ndipo pofuna kuonetsa kuti boma limamva madandaulo a anthu, bwalo linalamula kuti bukulo lisindikizidwenso ndi mawu oonjezera.

M'mawa wa tsiku lotsegulira msika wa zokolola, kapitawo anafika pa benchi ya Dailesi ndi buku latsopano, pambuyo pake pali mlamu wa a Zosavuta atanyamula sikelo yonyezimira. Sikelo imeneyo inali ndi chiphaso chonena kuti inalankhula ndi Muyeso. Inalankhulira ku ofesi ya nduna, italumikizidwa ku kompyuta yaikulu ija, ndipo chichokereni kumeneko sinanenepo kanthu, koma lamulo silinatchule kuti izilankhulira kuti.

"Mai Chipwaila, dandaulo lanu lamveka," anatero kapitawo. "Malangizo akonzedwa. Tamverani." Anatsegula tsamba lomaliza n'kuwerenga pansi pa maluwa paja: "Chenjezo: malangizowa sagwira ntchito pa kompyuta ya Mai Dailesi Chipwaila a ku Tayesaninso."

"Basi?"

"Basi. Mwalowa m'buku la mfumu, mayi, si mwayi wa aliyense umenewu. Tsopano tachotsani matumbawa."

A Binwelo sanapeze nthabwala tsiku limenelo. Anasiya usipa wawo, nasenza thumba la nyemba kulitulutsa panja pa geti, nabwerera kukatenga lina. Atatula lomaliza anaima akukanda kumutu.

"Aneba, pakamwa pangapa..."

"Munafunsa zoona, a Binwelo," anatero Dailesi akuyala chiguduli pansi. "Kungoti zoona zanuzo zadya benchi yanga."

Eni masikelo ena onse anaphunzirapo. Anasiya kudandaula, anayamba kunyamula masikelo awo kupita nawo ku Bweranimawa, nkhuku ili kukhwapa, kukawalankhulitsa ku ofesi ya nduna. Unduna unalengeza kuti chikonzereni malangizo sipanabwerenso dandaulo ngakhale limodzi, ndipo a Zosavuta anavekedwa mendulo.

Buku lija likadalipo, ndipo chaka ndi chaka limanenepa. M'masamba ake onsewo, mzere wa Dailesi ndi wokhawo umene unayesedwa pamaso pa anthu n'kupezeka kuti ndi woona. Mwini dzinalo mukamupeza panja pa geti la Tayesaninso, pafumbi, pamene mabasi amakhotera. Sikelo anaikulunga m'chitenje, ili pansi pa bedi la mai ake. Wogula akafuna kilo ya nyemba amamuuza kuti makilo ali m'kati, kwa alamu a nduna, kunja kuno kuli mbale.